Zilonda za Pabedi ndi Namwino Amene Adafunsa Chifukwa

Pali chilonda china chimene wodwala sabwera nacho kuchipatala, koma amachipeza ali gone pabedi pomwepo. Munthu amagonekedwa chifukwa chothyoka fupa la m'chiuno kapena chifukwa cha matenda ofa ziŵalo, ndipo achibale ake amaika mtima wonse pa nthenda imene yamugwetsayo. Pakapita masiku oŵerengeka, pomusambitsa, amangoona kuti khungu la kumunsi kwa msana lasupuka, ndipo pakapitanso masabata pamakhala dzenje loti chibakera n'kuloŵa. Ena amati walodzedwa, ena amati ndi mmene nthendayo imathera. Chilondachi chimanunkha, chimatenga miyezi kuti chipole, ndipo tizilombo tikaloŵerapo n'kufika m'magazi, chimapha munthu amene nthenda yake yoyamba ikadachizika.

Zilonda zimenezi, zimene m'nkhani ino tizitcha zilonda za pabedi, n'zakale monga matenda amene. Koma njira yozipeŵera idakhazikika m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo mmodzi mwa amene adaikhazikitsa adali namwino wa m'wodi ya okalamba, amene adayamba kuŵerenga ndi kulemba zimene anzake ankangozichita mwachizoloŵezi. Mbiri yake ili ndi phunziro kwa amene akusula anamwino a maŵa, kwa ana athu amene akulakalaka ntchitoyi, ndi kwa inu aŵerengi amene tsiku lina mudzayala mkeka pafupi ndi bedi la mbale wanu kuti mumdwazike.

Mmene chilonda chimayambira

Tiyambe ndi thupi lenilenilo. M'khungu ndi m'mnofu muli timitsempha ta magazi, toonda kuposa tsitsi, timene timafikitsa chakudya ndi mpweya wabwino ku mbali iliyonse ya thupi. Munthu akagona, kulemera kwake kumaunjikana pamalo pamene fupa layandikira khungu: kumunsi kwa msana, m'mbali mwa chiuno, ku zidendene, mu akakolo, m'zigongono, m'mapewa ndi kunkhongo. Pamalo ameneŵa mnofu umapanikizika pakati pa fupa ndi bedi, ndipo timitsempha tija timatsekeka monga imachitira payipi ya madzi munthu akaiponda. Magazi akaleka kufika kwa maola angapo mnofu umayamba kufa, ndipo kaŵirikaŵiri umayambira kufa m'kati, pafupi ndi fupa, khungu la pamwamba likuonekabe ngati lili bwino. N'chifukwa chake chilonda chikamatulukira kunja chimakhala chitakula kale.

Ife amene tili bwino sitichita zilonda zotere chifukwa thupi limatichenjeza. Mbali imene tagonera ikachita dzanzi timatembenuka, ngakhale tili m'tulo tofa nato, ndipo timatero kambirimbiri usiku umodzi osadziŵa. M'chaka cha 1961 dokotala wa okalamba wa ku London, Norman Exton-Smith, ndi mnzake adamangirira kachipangizo ku mabedi kuti kaziŵerenga kusuntha kwa odwala usiku. Adapeza kuti zilonda zinkagwira makamaka amene sankasuntha koposa ka 20 usiku wonse, pamene amene ankasuntha kaŵirikaŵiri ankapulumuka. Tsono wodwala amene wakomoka, wafa ziŵalo kapena wafooka kotheratu wataya mlonda amene tonsefe tidabadwa naye, ndipo afunika munthu wina kuti amloŵere m'malo mlondayo. Palinso zinthu zitatu zimene zimafulumiza chilonda: kukoka wodwala pa nsalu m'malo momunyamula, kumusiya wonyoŵa ndi mkodzo kapena thukuta, ndi kusadya mokwanira.

Pamene chizoloŵezi chinkalamula

Kale akatswiri sankagwirizana pa gwero la zilondazi. Jean-Martin Charcot, dokotala wotchuka wa matenda a ubongo pa chipatala cha Salpêtrière mu mzinda wa Paris, ankaphunzitsa m'zaka za m'ma 1800 kuti zimachokera ku kuwonongeka kwa mitsempha ya ubongo ndi msana, kotero kuti zikaoneka pa munthu wakufa ziŵalo ndiye kuti imfa yayandikira. Florence Nightingale, amene adasindikiza buku lake la Notes on Nursing m'chaka cha 1859 natsegula sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas' m'chaka cha 1860, ankaona mosiyana. Iye ankakhulupirira kuti mlandu wa chilonda cha pabedi kaŵirikaŵiri umagwera kasamalidwe ka wodwala.

Maganizo a Nightingale adali olondola, koma adabala mantha kuposa nzeru. Popeza chilonda chidasanduka chamanyazi kwa namwino, wodi iliyonse idakhala ndi mwambo wake wochithamangitsira. Ku Britain, m'zaka za m'ma 1950, ophunzira unamwino ankazungulira mabedi ndi kangolo konyamula sopo, madzi, spiriti ndi paudala, n'kumatikita misana ya odwala mwamphamvu kuti ati magazi ayende. Mkulu wa wodi aliyense adali ndi mafuta ake odzola amene ankalumbirira kuti ndiwo mankhwala enieni. Wophunzira akasamukira ku wodi ina ankasiya njira ya kumene wachokera n'kutola ya kumene wafika, ndipo kufunsa chifukwa chake kunkaoneka ngati mwano. Zilonda zinkabukabe.

Kunali malo amodzi kumene zinthu zinkayenda mosiyana. Pa chipatala cha Stoke Mandeville, Ludwig Guttmann adatsegula m'chaka cha 1944 gawo losamalira asilikali othyoka msana, nalamula kuti wodwala aliyense azitembenuzidwa pa maola aŵiri aliwonse, usana ndi usiku. Anthu amene kale ankafa ndi zilonda ndi matenda a m'chikhodzodzo adayamba kukhala ndi moyo. Komabe m'mawodi wamba, makamaka a okalamba, kangolo ka spiriti ndi paudala kadapitiriza ulendo wake.

Zimene Doreen Norton adachita

Doreen Norton adabadwa ku England m'chaka cha 1922 ndipo adaphunzira unamwino ku London pa nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse. Adasankha kugwira ntchito pakati pa okalamba, m'mawodi amene anamwino ambiri ankawathaŵa poona kuti mulibe ulemerero. Mogwirizana ndi namwino mnzake Rhoda McLaren ndi dokotala Exton-Smith uja, adachita kafukufuku pa chipatala cha Whittington ku London, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa m'chaka cha 1962.

Njira yawo idali yosavuta kuimva. Adatsatira odwala okalamba 250 kuyambira tsiku logonekedwa, akumayang'ana khungu lawo ndi kulemba zimene aona. Pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse adachita chilonda. Adayerekezanso zodzola zosiyanasiyana zimene mawodi ankanyadira, ndipo padalibe chimene chidaonetsa mphamvu yoletsa chilonda wodwala akamagonerabe mbali imodzi. Chimene chidatsitsa chiŵerengero cha zilonda ndicho kutembenuza wodwala pa maola aŵiri kapena atatu aliwonse. Mankhwala amene anthu ankawafunafuna m'mabotolo adali m'manja mwa namwino ndi pa wotchi yake.

Koma namwino mmodzi sangatembenuze wodi yonse pa maola aŵiri aliwonse, ndipo si odwala onse amene afunika kutero. Motero Norton adakonza muyeso wodziŵira amene ali pangozi, umene mpaka lero umadziŵika ndi dzina lake. Namwino amayang'ana zinthu zisanu: thanzi la thupi lonse, mmene mutu ukugwirira ntchito, ngati wodwala akuyenda kapena ali chigonere, ngati angathe kudzisuntha yekha pabedi, ndiponso ngati akudziletsa mkodzo ndi chimbudzi. Chilichonse amachipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 4, kotero kuti munthu wamphamvu amapeza 20 ndipo wofookeratu amapeza 5. Amene wapeza 14 kapena kucheperapo ali pangozi. Pa kafukufuku uja, pafupifupi theka la amene adapeza malikisi osafika 12 adachita zilonda.

Tiyerekeze gogo amene wafa ziŵalo mbali imodzi. Thupi lake lafooka, ndiye 2. Akusokonezeka maganizo, 2. Sadzuka pabedi, 1. Akusuntha pang'ono chabe, 2. Akudzikodzera kaŵirikaŵiri, 2. Onse pamodzi ndi 9. Wophunzira wa chaka choyamba angathe kuŵerengera zimenezi m'mphindi ziŵiri, ndipo akatero wadziŵa kuti gogoyu ndiye woyamba kumuyang'anira usiku uno, khungu lake lisadasonyeze kanthu. Apa ndi pamene pagona ubwino wa kafukufuku wa anamwino: nzeru imene kale inkakhala m'mutu mwa mkulu wa wodi yekha, itatha zaka makumi aŵiri ikusonkhanitsidwa, idaikidwa papepala kuti mwana wongoyamba kumene aigwiritse ntchito.

Ife aphunzitsi a ku sekondale tikamaŵerenga ntchito ya Norton timaona masitepe omwe aja amene timaphunzitsa ana a Fomu 1 m'phunziro la sayansi: yang'anitsitsa, funsa, ŵerenga, yerekeza, ndipo lemba momveka kuti wina akayese yekha. Mayiyu sadafune makina okwera mtengo. Adafuna maso, cholembera, kudekha ndi kulimba mtima kokayikira mwambo umene akuluakulu ake ankaulemekeza.

Kafukufuku sakhala ndi mawu otsiriza

Chodabwitsa n'chakuti lamulo la maola aŵiri nalonso lidasanduka mwambo, moti anamwino ena adayamba kulitsata osadziŵa kumene lidachokera. Padafunika anamwino ena kuti alifunsenso. Ku Belgium, Tom Defloor ndi anzake adasindikiza m'chaka cha 2005 zotsatira za kafukufuku wa okalamba 838 m'nyumba zosungira okalamba, ndipo adapeza kuti kutembenuza wodwala pa maola anayi aliwonse ali pa matiresi a siponji yapadera kunkateteza bwino kuposa kumutembenuza pa maola aŵiri ali pa matiresi wamba. M'chaka cha 2013 Nancy Bergstrom ndi anzake, atatsatira okalamba 942 ku United States ndi ku Canada amene onse adagona pa matiresi a siponji yolimba, sadapeze kusiyana kwenikweni pakati pa kutembenuza pa maola aŵiri, atatu kapena anayi.

Zimenezi sizikugwetsa ntchito ya Norton ayi. Zikungoonjezera kuti nthaŵi yotembenuzira imadalira wodwalayo ndi chimene wagonapo. Wodwala amene ali pa matiresi opyapyala, otha ntchito, kapena pamphasa, sangadikire maola anayi. Wophunzira amene adangoloŵeza chiŵerengero cha maola adzasokonezeka mabuku akamasiyana, koma amene adamvetsa za timitsempha topanikizika adzadziŵa chochita pabedi lililonse limene waimapo.

Kutikita kuja nakonso kudagwa. Kufikisa mwamphamvu khungu limene layamba kale kuvulala kumang'amba timitsempha tofooka, ndipo malangizo a bungwe la NICE la ku England a chaka cha 2014 adaletsa anamwino kutikita khungu ngati njira yopeŵera zilondazi. Ntchito imene mibadwo ya ophunzira idaigwira ndi mtima wonse, m'maŵa ndi madzulo, idapezeka kuti siteteza, ndipo nthaŵi zina inkavulaza. Mtima wabwino wopanda chidziŵitso sukwanira pa bedi la wodwala.

Buku likanena za kufiira

Tsono tifike pa mfundo imene ikutikhudza ife eni khungu lakuda. Mabuku ambiri a unamwino amaphunzitsa kuti chizindikiro choyamba cha chilonda cha pabedi ndi kufiira kwa khungu, kumene sikuchoka ukadinikiza ndi chala. Chizindikirochi chidalembedwa ndi anthu amene ankasamalira odwala a khungu loyera. Pa khungu lakuda kufiira koteroko kaŵirikaŵiri sikuoneka konse. Malo ovulalawo amangoda kuposa khungu lozungulira, kapena amaoneka ngati mabulosi akupsa, amanyezimira, amatupa, amalimba kapena kufeŵa mosiyana ndi pena ponse, amatentha kapena kuzizira ukakhudza, ndipo wodwala amene angathe kulankhula amadandaula kuti pakuŵaŵa.

Namwino wina wa ku England, Neesha Oozageer Gunowa, ndi anzake adasanthula m'chaka cha 2018 zimene ofufuza adalemba pa nkhaniyi, napeza kuti anthu a khungu lakuda amapezeka ndi zilonda zimene zakula kale kuposa anzawo a khungu loyera. Pambuyo pake adafufuza mmene ophunzira unamwino amaphunzitsidwira m'masukulu asanu a ukachenjede ku England, ndipo zotsatira zake za m'chaka cha 2020 zidaonetsa kuti pafupifupi zithunzi ndi zitsanzo zonse za m'kalasi zidali za khungu loyera. Wophunzira ankatuluka akudziŵa kufunafuna mtundu umene khungu lakuda kaŵirikaŵiri silionetsa.

Ngati zili choncho ku England, kumene odwala akuda ndi ochepa, nanga kwathu kuno kumene pafupifupi bedi lililonse lagoneka munthu wakuda? Wophunzira wathu amene adaloŵeza za kufiira kuti akhoze mayeso angathe kuyang'ana msana wa wodwala, osaona kufiira, n'kulemba kuti khungu lili bwino pamene mnofu ukufa. Ayenera kuphunzitsidwa kuyang'ana poŵala bwino, kuyerekeza mbali ya kumanja ndi ya kumanzere, kukhudza ndi dzanja, ndi kufunsa wodwalayo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: buku lochokera kutali lingatipatse chiyambi, koma zithunzi ndi mafotokozedwe a khungu la anthu athu tiyenera kuzisonkhanitsa tokha.

Udindo wa sukulu zathu

Malo ochitira ntchito yotere tili nawo. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1966, limayang'anira maphunziro ndi kaundula wa anamwino ndi azamba. Kamuzu College of Nursing idatsegulidwa m'chaka cha 1979 ngati nthambi ya Yunivesite ya Malaŵi, ndipo m'chaka cha 2021 idaphatikizana ndi College of Medicine kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Palinso sukulu za mishoni monga za ku Ekwendeni, ku Nkhoma, ku Malosa, ku Nguludi ndi ku Mulanje, zimene zasula anamwino ochuluka amene akutumikira m'zipatala za kumidzi. Wophunzira aliyense wa m'sukulu zimenezi amakhala miyezi yambiri m'wodi, ndipo kumeneko ndiko kumaumbika khalidwe lake la ntchito.

Funso n'lakuti m'wodimo akuphunziramo chiyani. Pamene anamwino achepa, n'kwapafupi kumuona wophunzira ngati manja oonjezera, womutuma uku ndi uko, wopanda womuima pambali kumufotokozera chifukwa cha zimene akuchita. Wotereyu amaphunzira msanga njira zachidule, ndipo akafunsa n'kuyankhidwa kuti kuno timachita chonchi, amaleka kufunsa. Pamenepo ndiye kuti kangolo ka spiriti ndi paudala kabwereranso m'maonekedwe ena. Kuongola mtengo ndi poyamba, ndipo namwino amene adazoloŵera kukhala chete ali wophunzira sadzayamba kufufuza atavala kale yunifolomu ya ukulu.

Kuti maphunziro a namwino ndi chiŵerengero cha anamwino zimakhudza moyo wa wodwala, nazonso zidayesedwa. Linda Aiken, namwino wa ku United States, ndi anzake adasindikiza m'chaka cha 2014 kafukufuku wa odwala 422,730 amene adachitidwa opaleshoni m'zipatala 300 za m'maiko asanu ndi anayi a ku Ulaya. Adapeza kuti namwino akaonjezeredwa wodwala mmodzi pa amene akuwasamalira, ngozi yakuti wodwala amwalire pasadathe masiku 30 inkakwera ndi magawo 7 pa 100, ndipo zipatala zimene zidali ndi anamwino ambiri a digiri zinkataya odwala ochepa. Ziŵerengerozi n'za ku Ulaya, ndipo sitingazisamutsire kuno monga zilili, koma tanthauzo lake n'lomveka kwa aliyense amene adaonapo namwino mmodzi akuchezera usiku ndi wodi yodzaza. Kutembenuza munthu wamkulu mosamala kumafuna anthu aŵiri ndi mphindi zingapo, ndipo mphindizo sizipezeka pamene wina akutaya magazi ku bedi la kumapeto.

Apa ndi pamene dziko lathu lili ndi chuma chimene Norton adalibe. M'zipatala zathu pafupifupi wodwala aliyense ali ndi womudwazika, mayi, mlongo, mkazi kapena mdzukulu, amene amamusambitsa, kumudyetsa ndi kugona pafupi naye. Anthu ameneŵa ali ndi manja ndi chikondi, chimene akusoŵa ndi malangizo. Wophunzira unamwino amene waphunzitsidwa kuphunzitsa angathe, m'mphindi khumi, kuonetsa wodwazika zinthu izi: kutembenuza wodwala kaŵirikaŵiri usana ndi usiku, kumugoneka chopendekera pang'ono, mtsamiro uli kumsana, kuti asagonere fupa la m'chiuno, kuika mtsamiro pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zilenjekeke, kumunyamula aŵiriaŵiri m'malo momukoka, kuyala nsalu youma yopanda makwinya kapena nyenyeswa za chakudya, kusatikita pamene pada kapena patupa, ndi kuitana namwino tsiku lomwelo khungu likasintha. Wodwala wovulala msana kapena wothyoka fupa yekha ndiye sayenera kutembenuzidwa popanda namwino kuonetsa katembenuzidwe kake. Nzeru yomweyi wodwazikayo amapita nayo kumudzi, kumene odwala ambiri ofa ziŵalo amakathera miyezi ali pamphasa.

Kodi odwala angati m'mawodi athu amachita zilonda za pabedi pa mwezi? Kodi zimachepa motani odwazika akaphunzitsidwa pa tsiku logonekedwa? Kodi ndi mawu ati a Chicheŵa, Chitumbuka kapena Chiyao amene amafotokoza bwino maonekedwe a khungu limene layamba kuvulala, kuti gogo wodwazika amve msanga? Aŵa ndi mafunso amene kalasi limodzi la ophunzira, lili ndi mphunzitsi wakhama, chilolezo cha akuluakulu a chipatala ndi kope la mizere, lingathe kuyamba kuyankha m'teremu imodzi. Zotsatira zake zikalembedwa ndi kugaŵidwa kwa anzawo a m'zipatala zina, zingapulumutse misana ya anthu ochuluka kuposa mankhwala ena amene timawadikira kuchokera kunja.

Chaka ndi chaka ana a Fomu 4, asungwana ndi anyamata omwe, amatiuza ife aphunzitsi kuti akufuna kudzakhala anamwino, ndipo makolo amawayamikira kuti ali ndi mtima wachifundo. Chifundocho n'chofunika, pakuti popanda icho palibe amene angadzuke pakati pa usiku kukatembenuza munthu amene si mbale wake. Koma tiwauzenso kuti ntchitoyi imafuna masamu, sayansi ndi mutu wosatopa kufunsa. Makolo athu adati safunsa adadya phula. M'wodi ya chipatala, amene amadya phulalo ndi wodwala amene wagona chete kudikira kuti wina amutembenuze.